Tsiku limene tinajambula Tulamtolo pansi

Lachiwiri lapitali nkhuku inadya banja lonse la a Lufeyo, ine ndikuona ndi maso angawa. Bambo, mayi, ana anayi ndi apongozi omwe, onse psiti.

Musathamangire kupolisi, awerengi. Anthuwo anali njere za chimanga, ndipo eni ake ali moyo, akusekabe mpaka lero. Koma tsiku limenelo landidzaza mutu ndi mtima moti sabata ino sindingathe kulemba china. Ndiloleni ndiyambe poyambira.

Kwathu ndi ku Tulamtolo. Ndikudziwa, simunakumvepo.

Ku Lilongwe kumene ndimagwira ntchito, munthu akandifunsa kwathu ndimangoti ku Dedza. Nthawi yomweyo amayamba kundimvera chisoni ndi kuzizira, ena mpaka kundituma kachewere. Ndimangoseka. Dedza wathu ndi wina. Ndi wa kumunsi kwa mapiri, kumene umatsika msewu wokhotakhota uja wa ku Golomoti makutu akutsekeka, juzi n'kuvulira panjira. Kwathu n'kotentha koti masana ngakhale mbuzi imakana msipu n'kukagona pamthunzi. Ndi kwa malambe ndi migwalangwa, kwa mpunga m'madambo ndi usipa pathandala.

Mukafuna kufikako, mutsike minibasi pamsewu wa M5 pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, mukwere kabaza, mudutse njanji, mulunjike kunyanja. Wakabazayo akayamba kudandaula mchenga n'kukupemphani kuti muyendeko pansi, dziwani kuti mwafika.

Loweruka ndinalandira foni kuchokera kwa achemwali anga a Felesiya. Iwo ndi amene anatsala pamudzi, ndipo ndi wapampando wa komiti imene yakhala ikupempha mjigo.

"Achimwene, Lachiwiri mukhale muli kuno. Kukubwera a zamadzi ochokera kuboma."

"Ine ndidzatani, achemwali? Kukumba mjigo sindidziwa."

"Mudzatilembera. Nanga sukulu munapitiranji?"

Nkhani yake ndi iyi. Ku Tulamtolo kulibe mjigo. Amayi amakatunga kumudzi woyandikana nawo, ndipo akapita mbandakucha amabwerako dzuwa litaswa mtengo chifukwa cha mzere. Amene watopa amangotsikira kumtsinje wathu wa Namchenga. Koma chikwerereni madzi a m'nyanja, ng'ona zalowa mumtsinjemo. Mwezi watha imodzi inagwira mbuzi pamalo enieni otungira madzi, amayi awiri ali chiimire ndi zidebe zawo. Lero mbuzi, mawa ndani?

Komiti itapita kukadandaula, inakapeza zodabwitsa. M'mapepala mudzi wathu mulibe. Tinaphatikizidwa kalekale ndi mudzi woyandikana nawo uja, ndiye pepala likuti mjigo tili nawo kale. Palibe amene anachita dala. Mayi wa zamadzi amene anawalandira anangoti, "Ngati ndinu mudzi panokha, ndibwera mudzandionetse. Mumayambira pati, mumathera pati, ndipo omwa madzi mulipo angati."

Ndinayamba ndafufuza pamapu a pafoni. Msewu ndinaupeza, njanji ndinaipeza, nyanja ndinaipeza. Koma pakati pake, pamene pali nyumba ya achemwali, manda a amayi, ndi mtengo wa bwemba umene ndinagwamo n'kuthyoka dzino, panangoti biriwiri, popanda dzina. Mtima unandiwawa ngati andidula pachithunzi cha banja.

Ndiye ndinagula chipepala chachikulu ndi zolembera za mitundu inayi. Ndinanyamuka Lolemba ndikudzimva kuti mpulumutsi wa mudzi ndine.

Lachiwiri m'mawa anthu anasonkhana pansi pa mlambe wa pabwalo. Sindinaonepo anthu a kwathu atachuluka chonchija popanda maliro. Amfumu, omwe ndi munthu wokonda nthabwala, anatsegula zonse ndi mawu akuti lero iwo ndi omvera chabe, nkhani ili m'manja mwa osenza zidebe. Mayi wa zamadzi anafika panjinga yamoto, wamsinkhu wa mwana wanga woyamba. Ataona ndikutambasula chipepala changa, anamwetulira.

"Bambo, pepalalo sungani kaye. Papepala amalembapo munthu mmodzi. Tijambule pansi, pamene aliyense angafikepo."

Ndinapinda chipepala changa mwakachetechete.

Anasesa pabwalo. Mayi wina anamasula chitenje chake chapamwamba n'kuchiyala chakum'mawa, nyanja imeneyo. Ena anaunjika zibuma kumadzulo, mapiri amenewo. Luzi linakhala njanji, phulusa linakhala mtsinje. Nyumba iliyonse mwala umodzi, ndipo woika ndi mwini nyumbayo.

Abale anga, ndinaona mudzi wathu ukubadwa pansi! Anthu amene amayenda m'njira zimenezi tsiku ndi tsiku ankadabwa ngati akuziona koyamba. "Ha, kodi tchalitchi chili pafupi chonchi ndi dambo?" "Nanga bwanji timazungulira, pamene njira yachidule ndi iyi?" Wina anakuwa kuti mwala wake asauyandikize kwambiri kwa aneba, anayambana pa nkhani ya nkhunda.

Mkangano woyamba unabuka pa mtsinje. A Lufeyo, amene amakonza njinga pamudzipo, anathira phulusa kumpoto kwa mlambe, mmene Namchenga akuyendera lero. Amayi achikulire atatu anaimirira nthawi imodzi.

"Ayi, a Lufeyo! Mtsinje umenewo ndi wadzulodzulo. Ife tikukula, Namchenga ankadutsa kummwera, kuseri kwa chulu."

"Nanga tikujambula wa lero kapena wa makedzana?"

Mayi wa zamadzi anati tijambule yonse iwiri. Apo m'pamene ndinamva koyamba kuti mudzi wathu sunayambire pamene ulipa. Chaka china mtsinje unasefukira n'kudzipangira njira yatsopano pakati pa nyumba, anthu n'kuthawa. Dambo limene timalimamo mpunga ndi njira yake yakale. Ine zaka zonsezi ndinkaganiza kuti tinangomera pompano ngati chulu!

Kenako inakwana nthawi yowerenga anthu. Achemwali anabweretsa lichero la chimanga. Mwini nyumba aliyense atape njere monga mwa anthu ogona pakhomo pake, aziike pambali pa mwala wake. Khanda njere imodzi, nkhalamba njere imodzi, poti ludzu silidziwa msinkhu.

Apa m'pamene thadzi lija linalowerera. A Lufeyo anali atangoika njere zawo zisanu ndi ziwiri n'kutembenuka kuti atsutse wina, nkhuku n'kutulukira pakati pa miyendo ya anthu, jompho jompho jompho. Akazi awo anagwira kumutu. "Mayo ine, tatha!" Wina kumbuyo anati, "Yayambira apongozi, nkhuku iyi yachita kutumidwa." Amfumu anaseka mpaka kugwetsa chipewa.

Kusekako kunatha pamene anthu a kudoko anayandikira ndi miyala yawo.

Kudoko ndi kumene kumakhala asodzi, nyumba zondandana m'mbali mwa nyanja pamodzi ndi kamzikiti kawo. Ambiri ndi Asilamu. Ena anachokera kutali kutsata nsomba, ena anabadwira komweko. Timagula usipa kwa iwo, timaikirana maliro, ana athu amakhala kalasi imodzi. Koma aliyense pabwalopo ankadziwa chinthu chimodzi: akudoko akawerengedwa, mjigo sukhalanso pafupi ndi makomo athu. Uyenera kupita pakati.

Anthu anayamba kung'ung'udza. Ndipo pano ndiulule tchimo langa. Amene anatulutsa mawuwo poyera ndinali ine, wophunzira uja.

"Pepani, mayi," ndinatero. "Akudokowa ndi anzathu ndithu, koma ndi obwera. Amatsata nsomba, lero ali kuno, mawa ali ku Salima. Mudzi weniweni ndi uno."

Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Achemwali anayang'ana pansi.

Pagulupo panali Che Jafali, nkhalamba ya kudoko imene inasiya kale kupita panyanja, pano imangosoka maukonde. Anali atakhala pachitsa, mwala wawo uli m'manja. Sanakwiye. Anangondiyang'ana n'kundifunsa:

"Bambo, inu si mdzukulu wa malemu a Naphiri?"

"Eya, Che Jafali, ndine amene."

"Dzina ili la Tulamtolo munamva kuti linabwera bwanji?"

Ndinayankha zongoganizira, kuti mwina ogulitsa nkhuni ankapumira pano.

"Nkhuni!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Walahi, nkhuni ayi. Ndikuuzeni ine, poti ndinalipo."

Anayamba kusimba.

"Nthawi imeneyo kuno kunalibe mudzi. Kunali tchire, misasa ya asodzi, ndi chitsime chimene anakumba bambo anga. Ndiye kumapiriko kunagwa njala. Tsiku lina masana kunatsika amayi atatu, mapazi atatupa, milomo itang'ambika. Mmodzi anali ndi mwana kumbuyo, mtolo pamutu. Anapempha madzi ali chiimire, poti ankaopa, sankatidziwa. Bambo anga anati, 'Tulani mtolo, mayi. Munthu samwa madzi atasenza.' Anatula, anamwa. Mayi anga anawaphikira phala, anawaotchera nsomba. Kutacha anati apumeko tsiku limodzi lokha. Tsiku limodzilo ndi ili likupitirira mpaka lero."

Anasuntha mwala wawo kuchoka kudzanja lina kupita ku lina.

"Ena atamva kuti kunyanja kuli anthu olandira alendo, anatsika nawonso. Akafunsana panjira ankati tikupita kwa atulani mtolo. Dzina n'kukhala lomwelo. Mayi wa mtolo uja ndi a Naphiri, agogo anu. Mwana wa kumbuyo uja ndi mayi anu okubalani."

Kenako anafunsa mofatsa, ngati akufunsa nthawi, "Tsono bambo, obwera ndani?"

 Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinalidya pamaso pa mudzi wonse, nditavala malaya osita.

Amayi achikulire aja anavomereza kuti n'zoona, nawonso ankamva choncho. Ndipo zinthu zina zinayamba kundibwerera. Ndili mwana ndinkadabwa kuti n'chifukwa chiyani agogo, mkhristu wa mtima wonse, akafuna kupha nkhuku ankaitumiza kaye kudoko kuti akaizinge mwa Chisilamu. Ankati mwina kubwera mlendo wa kumeneko, asadzachoke ndi njala. Ine ndinkangoti n'zaukalamba. Sindinafunsepo.

Ndinadzuka n'kukagwada pafupi ndi chitsa chija.

"Che Jafali, ndalakwa. Ndipatseni mwalawo ndikakuikireni."

"Ayi, ndiika ndekha, miyendo ikadalipo. Inu ingondigwirani dzanja."

Tinayenda pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa chitenje chija. Anawerama, anaika mwala wawo, ndipo akudoko onse anatsatira. Palibe anang'ung'udzanso.

Mukuganiza kuti manyazi anga anathera pomwepo? Ayi. Nditabwerera ndinatapa njere zisanu m'lichero, yanga, ya mayi a kunyumba ndi za ana, kuti ndikaike pamwala wa achemwali. Anandigwira mkono.

"Achimwene, inu mumatunga kuti?"

"Ku Lilongwe, pampopi."

"Ndiye njere zanu zipite uko kumsewu. Pano tikuwerenga aludzu."

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Munthu wofuna kuchotsa anzake pamapu, wachotsedwa yekha ndi mlongo wake! Che Jafali anati, "Musazitaye, a Felesiya. Adzabwera ndithu ameneyu. Pomaliza onse amabwera."

Motero panabadwa mulu wina pafupi ndi msewu, wa anthu a Tulamtolo amene ali kutali. Unakula mondidabwitsa. Ena ku Joni, ena ku Lilongwe, ena ku Salima, ena kuminda ya fodya ku Kasungu. Pafupifupi mwala uliwonse unali ndi munthu wake kumsewuko, ndipo miyala ina inatsala ndi agogo ndi zidzukulu zokhazokha. Mayi wina anaima nthawi yaitali, njere imodzi ili m'manja, osadziwa poiika. Amuna ake anapita ku Joni, ndipo papita zaka osamveka. Pomaliza anakaiika kumsewu, n'kuifotsera ndi kadothi kuti isadyedwe.

Mayi wa zamadzi anawerenga zonse n'kulemba m'buku lake. Chiwerengerocho n'cha eni mudzi, sindichilemba pano. Koma atamaliza anapukusa mutu n'kuti, "Mudzi uwu si waung'ono monga ndinkaganizira."

Ndiye anatembenukira kwa Che Jafali. Pamene ife tinkamva za mtolo, iye anali atamva za chitsime.

"Agogo, chitsime cha bambo anu chija chinali pati? Madzi ake anali amchere?"

Funsoli n'lalikulu kuno kuchigwa. Mijigo ina imakumbidwa, anthu n'kuvina, koma madzi otuluka amakhala amchere oti sungamwe, ndipo sopo sachita thovu.

"Amchere? Anali ozuna ngati a mvula. Chinakwiririka ndi mchenga chaka chosefukira mtsinje chija. Koma malo ake ndikuwadziwa."

Simunaone, awerengi! A Lufeyo anakweza Che Jafali pakaliyala n'kumakankha njinga mumchenga. Pambuyo pawo mudzi wonse: amayi ana ali kumsana, amuna ndi makasu, amfumu chipewa chili m'manja, ine nsapato zanga za muofesi zitadzaza mchenga. Tinadutsa minda ya thonje, tinadutsa dambo, mpaka tinafika pabwinja pamene panali mudzi woyamba. Ndadutsapo kambirimbiri pamalopa, ndipo ndinkangoona tchire. Tsiku limenelo ndinaona mapale a miphika, ndinaona mafuwa, ndinaona mitengo ya mango itandandana pamene panali makomo a anthu.

"Apa tinkakhala pamodzi tonse," anatero Che Jafali. "Madzi atabwera, olima anathawira kumtunda, ife a mabwato tinatsikira kunyanja. Chinatigawa ndi mtsinje, osati munthu."

Anatsika panjinga n'kutsamira mlambe wina wokhala ndi zikhomo zakale za ofula njuchi. Anayang'ana nsonga ya phiri lina kumadzulo, anayenda mapazi angapo, anabwerera, anayendanso, n'kuloza pansi. Amuna anakumba. Mchenga wouma wokhawokha. Ena anayamba kunong'onezana kuti nkhalamba yaiwala.

"Sunthirani kuno," anatero. "Mlambewu wanenepa, wandinamiza."

Anakumbanso. Dzenje litafika m'chiuno, khasu linati ngwe! Mwala. Pafupi pake wina, kenako wina, yoyalidwa mozungulira ndi manja a munthu. Anasiya makasu n'kuyamba kufukula ndi manja ndi mbale. Mchenga unayamba kuda, kenako kuzizira, kenako kumamatira kuzala. Ndipo pansi penipeni madzi anayamba kutuluka pang'onopang'ono.

Nthungululu zake! Amayi a kutchalitchi ndi a kumzikiti anavina mozungulira dzenjelo, fumbi koboo. A Lufeyo ankaliza belu la njinga osalekeza. Achemwali anadikira kuti madzi adeke, anatunga ndi chikho, anagwada n'kupereka kwa Che Jafali. Analawa, anatsinzina.

"Alihamudulila. Ndi omwe aja."

Mayi wa zamadzi anayesa kutiletsa kumwa madzi osayezedwa, koma anali atachedwa. Chikho chinali chikuzungulira kale. Nanenso ndinalawa. Opanda mchere ngakhale pang'ono. Ndinamwa pamene agogo anga anamwera, ndipo ndinatembenukira kumbali kuti anthu asaone maso anga.

Ndipo mukudziwa malowo ali pati? Pakati penipeni pa doko ndi kumtunda.

Ndisakunamizeni, mjigo sunakumbidwe. Mayi uja anasunga malowo pafoni yake n'kulankhula mosabisa. "Sindikulonjeza mjigo mawa. Pabwere kaye oyeza pansi, ndipo midzi yodikira ndi yambiri. Koma kuyambira lero, m'mapepala anga Tulamtolo alimo." Amuna anagwirizana kuti podikira afukula chitsimecho bwinobwino n'kuchimangira, kuti amayi asiye kupita kwa ng'ona. Chipepala changa chinagwira ntchito masana, pokopera mapu a pansi aja, anthu khumi ali pamsana panga kundiuza kuti ndakhotetsa mtsinje.

Chibwerereni ndakhala ndikudzifunsa. Zatheka bwanji kuti ine, munthu wa imvi, wolemba m'nyuzipepala sabata ndi sabata, ndisadziwe kumene dzina la mudzi wanga linachokera? Kusukulu tinaloweza mitsinje ya maiko amene sitidzapondako. Mpaka lero ndikhoza kukutchulirani osewera mpira a matimu akunja, ndi kumene aliyense ankasewera kale. Koma Namchenga anasintha njira kuseri kwa nyumba yathu, ine osadziwa.

Ndipo si ine ndekha. Ife a m'tauni timanena za kumudzi ngati ndi malo osasintha, kongopita pamaliro ndi kokatenga ufa. Timafika, kupereka moni, kufunsa za matenda ndi mvula, maso ali pawotchi. Mbiri timati ndi ya mafumu akuluakulu ndi nkhondo zawo. Ya amayi atatu otupa mapazi timati ndi nkhani chabe.

Nanga liwu ili lakuti obwera? Taonani nthawi imene timalitulutsa. Pamaliro tonse ndi abale. Polimbana ndi madzi osefukira tonse ndi amodzi. Koma pakangobwera chogawana, kaya ndi mjigo, munda, makuponi kapena mpando wa komiti, pomwepo timakumbukira kuti uje agogo ake sanabadwire kuno. Fufuzani bwino. M'chigwa muno midzi yambiri inayamba ndi munthu wotopa amene wina anamulandira. Ena anatsika mapiri, ena anabwera ndi ntchito ya njanji, ena pabwato, ena kuthawa nkhondo kutsidya kwa malire. Kusiyana kwathu n'kwakuti ena anafika m'mawa, ena masana.

Musaganize kuti kudziwa mbiri n'kongokometsa macheza. Amayi a kwathu akhala akupikisana ndi ng'ona, pamene madzi abwino ali pansi pa tchire, ndipo njira yake ili m'mutu mwa munthu amene timamudutsa tsiku lililonse tikamakagula usipa. Ndi zingati zotere zimene zakwiririka m'midzi mwathu? Pamene madzi amafika kukasefukira, mbewu imene inkapirira chilala, malire enieni a minda amene lero tikukokerana nawo kumabwalo a milandu. Zonsezi alipo amene akuzidziwa, koma alibe foni yoti alembepo.

Chondisangalatsa n'chakuti zimene tinachita sizifuna mlendo wochokera kunja. Phulusa lilipo, miyala ilipo, chimanga cha m'lichero chimabwerera m'nkhokwe. Aphunzitsi, tulutsani ana pabwalo tsiku limodzi, muitane nkhalamba ziwiri zitatu, mujambule mudzi pansi. Amipingo, amizikiti, makomiti a chitukuko, yesani. Mudzakangana, mudzaseka, wina adzachita manyazi ngati ine, koma mudzachoka pamenepo mukudziwana.

Lachitatu m'mawa, ndisanakwere kabaza, ndinatsikira kudoko kukatsanzika. Ndinapeza Che Jafali pamthunzi, ukonde uli pamiyendo. Ndinakhala pansi n'kufunsa za amayi awiri ena amene anatsika phiri ndi agogo anga.

"Mmodzi anali a Nankhoma, agogo awo a Lufeyo. Winayo..." Anasiya kusoka, anayang'ana kunyanja, anakanda kumutu. "Dzina landithawa. Amene ankadziwa bwino zonsezi, ngakhale mudzi umene anachokera kumapiriko, ndi a Nachisale. Koma aja tinawaika miyezi iwiri yapitayo. Inu munabwera pamaliropo, ndinakuonani. Munali pafoni."



"Loweruka ndibweranso ndi kope, Che Jafali. Mudzandiuze zonse, kuyambira kwa bambo anu."

"Inshala. Koma mufulumire, bambo. Ine si mlambe."

Kope ndagula, lachikuto cholimba, ndipo Loweruka ndilawirira minibasi yoyamba. Nanga kwanu, awerengi, watsala ndani wodziwa? Ndipo mupita liti kukakhala naye pansi, akadali wotha kukuyankhani?